Foni yanu ikhoza kukhala mboni yokutsutsani: mawu a pa msonkhano wa Loweruka ku Kanengo

(Amene simunathe kubwera, mawu awa tawalemba monga momwe adalankhulidwira. Tumizani kwa anthu okhawo amene mukuwadziwa nkhope.)

Achinyamata anzanga a kuno ku Kanengo, a ku Mgona ndi Area 25, ndi inu mwakwera minibasi kuchokera ku Kawale, Biwi, Area 23 ndi Chinsapo, zikomo pobwera. Lero sindilankhula za mtengo wa ufa kapena za ntchito, zimenezo mukuzidziwa kuposa ine. Ndikufuna tikambe za kafoni kali m'thumba mwanuko.

Ndiyambe ndi kulakwa kwathu ife a komiti. Pokonzekera zionetsero zapitazi tidalemba mayina a anthu ofuna thiransipoti: dzina, nambala, dera limene akukhala, ena mpaka nambala ya chiphaso cha unzika. Mndandandawo tidauponya pa gulupu. Patangopita masiku awiri, mlongo wathu wina adaimbiridwa ndi munthu wosamudziwa, akumutchula dzina lonse ndi kumene amagwira ganyu. Sadagone kwawo sabata yathunthu. Palibe adathyola foni ya munthu apa. Tidapereka tokha. Mndandandawo tafufuta, ndipo kwa mlongo wathuyo tapepesa.

Tsono mvetsetsani. Kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni m'dziko muno imalembetsedwa, ndipo imalumikizidwa ndi chiphaso chanu. Ndiye kuti nambala yanu ndi dzina lanu. Mukaimba foni wamba kapena kutumiza SMS, kampani imadziwa mwaimbira ndani, nthawi yanji, muli pafupi ndi nsanja iti. WhatsApp ndi yosiyana: uthenga umatsekedwa pochoka pa foni yanu ndipo umatseguka pa foni ya wolandira basi. Koma ukatseguka kumeneko, loko wathera pomwepo. Mu gulupu ya anthu 300 muli mafoni 300, ndipo iliyonse imatha kujambula screenshot.

Zachitikapo. Mu 2022 namwino wina ku Ntcheu adamangidwa chifukwa cha zimene adalemba pa WhatsApp zokhudza Pulezidenti. Mu 2024 bambo wina ku Mponela adaimbidwa mlandu chifukwa cha kavidiyo kamene adaponya pa gulupu ya kwawo. Mu April 2022 apolisi adagwira mtolankhani Gregory Gondwe, namulanda foni ndi kompyuta. Lamulo limene limatchulidwa kawirikawiri pa milandu yotere ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, limene limaletsa mauthenga "okhumudwitsa". Okhumudwitsa ndani? Pamenepo ndi pamene pagona nkhani, chifukwa wokhumudwa msanga nthawi zambiri ndi amene ali pampando.

Ena mwandifunsa za makina a MACRA. Si nkhani yachilendo. M'nthawi ya Bingu bungweli lidagula makina otchedwa CIRMS, anthu adawapatsa dzina loti spy machine, nkhani mpaka idakafika kukhoti. Mu January 2025 lidalengezanso kuti likufuna kugula ku kampani ya Hashcom ya ku Ghana makina otsatira nkhani zabodza pa intaneti, pa mtengo wa pafupifupi 1.5 miliyoni ya ndalama za ku America. Iwo akuti sawerenga mauthenga a munthu. Chabwino, tamva. Koma onani: zipani zasinthana ku Capital Hill, makina sachoka. Wogula lero mawa ali kotsutsa, akuwaopa yekha.

Malamulo otiteteza alipo, tisanamizane. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu asasokonezedwe pa zachinsinsi zake, kuphatikizapo makalata ndi mafoni. Mu 2024 lidayamba kugwira ntchito lamulo la Data Protection Act, loti wotenga mbiri yanu akhale ndi chifukwa chovomerezeka, atenge zofunikira zokha, ndipo azisunge bwino. Chondidandaulitsa ine n'choti woyang'anira lamuloli ndi MACRA yomweyo. Amene akufuna makina oonera zimene tikulemba ndi amenenso tikadandaule kwa iye? Ife tikuti pakhale bungwe loima palokha, ndipo foni ya munthu isatsegulidwe popanda chilolezo cha khoti. Mfundo ziwirizi zilowa mu chikalata chathu.

Koma poyembekezera Nyumba ya Malamulo, tidzikonze tokha. Amene muli ndi GB WhatsApp, aise, chotsani lero lomwe. Ndikudziwa, imaonetsa mauthenga ofufutidwa, ndi yokoma, koma simukudziwa adaipanga ndani ndipo mauthenga anu akudutsa kuti. Ikani PIN ya two-step verification, ndipo manambala asanu ndi limodzi amene WhatsApp imakutumizirani musauze munthu, ngakhale atati ndi wa komiti. Pa gulupu yathu tayatsa zoti mauthenga azifufutika okha pakatha maola 24, ndipo link yolowera taichotsa. Wolowa azibwera ndi munthu womudziwa. Tsiku la zionetsero tsekani foni ndi PIN, osati chala, chifukwa chala munthu akhoza kukugwirani dzanja n'kuchiika. Magetsi akathima mukasiya foni potchajitsa, izimitseni. Mukapita nayo kokonzetsa, chotsani SIM ndi memory card. Ndipo zithunzi zoonetsa nkhope za anzathu musaziike pa Facebook musanawafunse. Ena ndi a ganyu m'makampani a fodya omwewa, bwana akawaona, ntchito yatha.

Inu amene mumalemba mapulogalamu, ndakuonani atatu kumbuyoko, tikukufunani. Osati kuti mutipangire app yokongola ayi. Tikufuna njira yowerengera anthu ofuna galimoto m'dera lililonse popanda kusunga dzina kapena nambala. Chimene sitinalembe palibe angatilande.

Ma admin a madera onse mutsalire tikamaliza, tione foni iliyonse limodzi. Amene foni yanu ndi yaing'ono ya mabatani musadandaule, uthenga wa tsiku ndi malo mudzaumva pakamwa kwa mtsogoleri wa dera lanu Lachinayi madzulo.