MAGIYA A NJINGA YOPINDA: Mau kwa Alimi

Lero tikambirane za njinga. Njinga ndiyo imatisenzera cimanga kunka naco ku cigayo, nshawa ku msika, ndiponso wodwala ku cipatala. Masiku ano m'misika mwathu mumapezeka njinga zogwirapo kale nchito zocokera ku maiko a kutali, ndipo zina ndi za magudumu ang'ono zopindika pakati. Ambiri amene anazigula akudandaula. Ena akuti zimalemera pa citunda, ena akuti magiya ace amalumpha. Matenda awiri onsewa ali ndi mankhwala, ndipo mtengo wace ndi wocepa.

Poyamba tiwerenge mano. Njinga iri ndi magudumu a mano awiri olumikizidwa ndi cheni: lalikuru la pa zopondera, ndi laling'ono la kumbuyo. Ngati lalikuru liri ndi mano 48 ndipo laling'ono 16, mukaponda kuzungulira kamodzi, gudumu la kumbuyo lizungulira katatu. Gudumu la mainchi 20, monga la njinga zopinda zambiri, limayenda mamita 1.6 likazungulira kamodzi. Cotero kuponda kumodzi kukupititsani pafupi-fupi mamita 5. Njinga yaikuru ya mainchi 28, ya mano 44 ndi 18, imapita pang'ono kupitirira mamita 5. Ici ndico cifukwa cace opanga njinga zopinda amaikako gudumu la mano ambiri kutsogolo, kuti isatsalire m'mbuyo pa mseu wa tara.

Koma mlimi sathamanga pa tara. Njira yace ndi ya mcenga ndi zitunda, ndipo kumbuyo kuli thumba. Cotero cotsani kagudumu ka mano 16, muikepo ka mano 20. Tsopano kuponda kumodzi kukupititsani mamita osakwana 4, koma mphamvu yofunika m'miyendo icepa ndi gawo limodzi mwa magawo 5. Mudzafika mocedwerapo pang'ono, koma mudzakwera citunda muli pa cishalo, m'malo mokankha njinga ndi katundu wace. Lamulo lace ndi ili: mano ambiri kumbuyo, njinga ipepuka, mano ocepa kumbuyo, njinga ithamanga koma ilemera.

Mukaonjeza mano 4, cheni cifuna mfundo 2 zoonjezera, kapena kusendeza gudumu patsogolo ngati malo alipo. Cisakhale cokungika ngati uta. Mukacikankha ndi cala pakati, cizisuntha monga theka la inchi. Ngati cheni catha, gulani catsopano pamodzi ndi kagudumuko, pakuti cakale cimadya mano atsopano msanga.

Tsopano tinene za njinga za magiya 3 obisika m'kati mwa habu ya kumbuyo. Odziwika kwambiri pa nchito imeneyi ndi a Sturmey-Archer, amene anayamba ku Nottingham, m'dziko la England, m'caka ca 1902. Habu yao yochedwa AW inaturuka mu 1936. Fakitale ya ku Nottingham inatsekedwa mu 2000, ndipo dzinalo linagulidwa ndi a Sun Race a ku Taiwan. M'habu yotere, giya 2 ndiye wa pakati; giya 1 amapepuza ndi gawo limodzi mwa magawo 4, pamene giya 3 amaonjeza liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo 3.

Mvetsetsani apa, pakuti pali ngozi. M'mahabu akale a AW, pakati pa giya 2 ndi giya 3 pali malo pamene palibe cogwira. Waya wa magiya akakhwepa, giya amagwera pamenepo, ndipo zopondera zimazungulira cabe. Munthu amene waimirira ndi kuponda mwamphamvu pa citunda amagwera pa citsulo, katundu natayika. Pa njinga yopinda waya amapindika nthawi zonse mukaipinda, cotero muyenera kumuyang'ana kawiri-kawiri.

Kukonza kwace nkotere. Ikani cosinthira pa nambala 2. Ku dzanja lamanja la gudumu la kumbuyo mudzaona kacheni kakang'ono koturuka m'kati mwa ekiselo, kolumikizidwa ndi waya. Pa mfundo yace pali kacitsulo kopota ndi kanati kokhwimitsa. Masulani kanati, ndipo suzumirani pa cibowo ca nati yaikuru. Potani kacitsuloko pang'ono-pang'ono kufikira phewa la kamtengo kacitsulo kokokedwa ndi kacheni lilingane ndi mapeto a ekiselo. Zikalingana, khwimitsani kanati ndi zala. Pa mahabu a Shimano a ku Japan pali kazenera ndi mzere woti mulinganize, njinga iri pa giya 2 momwemo. Citani zimenezi nthawi iri yonse mukacotsa gudumu pomata cubu.

Posintha giya wa m'habu, lekani kuponda kamphindi. Koma njinga za magudumu a mano ambiri oonekera kunja zimasintha pokha-pokha mukuponda. Pa njinga ya magudumu ang'ono, kacipangizo kosuntha cheni kamalendewera pafupi ndi nthaka, ndipo kamakola udzu ndi zitsa. Kakapindika, cheni cikhoza kulowa m'masipoko ndi kuwathyola. Musaigoneke njingayo ca ku mbali ya cheni.

Za mafuta: habu yakale iri ndi kabowo ka cotsekera, donthezanimo madontho 2 kapena 3 a mafuta a makina pa mwezi. Musathiremo mafuta ophikira, pakuti amauma ngati ulimbo ndi kumanga ziwalo za m'kati.

Mau otsiriza ndi awa. Giya wopepuka salimbitsa njinga. Njinga yopinda iri ndi mfundo pakati, ndipo sinapangidwire matumba awiri a cimanga. Isenzetseni mazira, ndiwo za m'dimba, kapena kathumba ka mbeu. Katundu wolemera musiyire njinga yaikuru kapena ngolo. Musanakwere, onani kuti cotsekera ca pa mfundoyo cagwira zolimba. Madzulo ano gwadani pa njinga yanu, muwerenge mano ace, ndipo muuzeko mnansi wanu zimene mwapeza.