Mwana Aphunzire Kusankha Akali Pakhomo



Mwandipempha kuti ndilankhulepo za ana athu aang'ono. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, tsono musayembekezere mawu akuya. Ndingokusimbirani zimene zinachitika pakhomo panga.

Pa 16 September 2025, nditabwerako koponya voti, mdzukulu wanga wa zaka 6 anagwira dzanja langa nati, "Agogo, chala chanu chapsa ndi chiyani?" Anaona inki ija amatipaka. Ine ndinali wotopa, ndiwo zili pamoto, ndipo ndinangoti, "Choka apa, izi nza akuluakulu." Usiku umenewo tulo sitinabwere, pakuti ndinakumbukira kuti mawu omwewo ndiwo ankandiyankha mayi anga ndikafunsa za khadi.

Inu atsikana a lero khadilo simulidziŵa. M'masiku a chipani chimodzi anyamata a Yufi ankaima pachipata cha msika, ndipo wopanda khadi la chipani sankaloŵa kukagulitsa kachewere kapena kabichi wake. Funso langa linali loopsa, chifukwa mwana akatola mawu pakhomo amakawataya kumsewu. Ife a ku Ntcheu tinali nacho chifukwa choopera. A Albert Muwalo, mwana wa boma lino amene anali mkulu m'chipanimo, ananyongedwa mu 1977. Chotero mayi anga sindiwadzudzula, ankanditchinjiriza. Nanga ine pomuthamangitsa mdzukulu uja ndinkamutchinjiriza ku chiyani?

Pa 14 June 1993 dziko linatifunsa kuti tisankhe nyali, ndiyo zipani zambiri, kapena tambala wakuda, ndiye chipani chimodzi. Ndinapita mwana ali kumbuyo, miyendo ikunjenjemera. Ndinali mayi wa ana atatu, koma ndinali ndisanasankhepo chinthu chachikulu ndekha. Ngakhale za kusiya sukulu anagamula ndi amalume. Kuno ku Ntcheu ambiri tinasankha nyali. Chaka chotsatira, pa chisankho cha pa 17 May 1994, anapambana a Bakili Muluzi, ndipo a Kamuzu Banda anavomera kugonja pa wailesi.

Tsono kutacha ndinaitana adzukulu anga onse asanu. Pakhomo panali msoti umodzi wonenepa. Ndinati, "Tiuphe Lamulungu tidye, kapena tiusunge uikire mazira?" Aliyense ndinampatsa njere imodzi ya chimanga. Kuseri kwa nkhokwe ndinaika zikho ziŵiri zovundikira, ndipo ankapitako mmodzimmodzi, wina osamuona mnzake. Poŵerenga tinakhala tonse pamphasa. Za kupha zinali njere 3, za kusunga 2.

Tisanaimirire, kamng'ono kaja kanati, "Achimwene, nzimbe yanga ija mundipatse tsopano." Apo mpamene zinaululika kuti wamkulu anakalonjeza nzimbe kuti kaponye njere ku chikho cha kupha. Ndinafafaniza chisankhocho. Ndinawauza kuti ngakhale dziko linachitapo zotere: pa 3 February 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha mu May 2019, chimene mapepala ake ena anafufutidwa ndi Tipp-Ex, ndipo tinaponyanso voti pa 23 June 2020. Mmodzi wa okadandaula kukhoti anali malemu a Saulos Chilima, amene anagona ku Nsipe konkuno. Mnyamata uja anaŵerama ndi manyazi.

Tinabwereza, nzimbe palibe. Amayi anzanga, njere zinatulukanso 3 kwa 2, za kupha! Kamng'onoko nyama kankaifuna kale, nzimbe inangopita pachabe.

Apa mayeso anagwera ine. Mumtima ndinkafuna mazira, ndipo bambo akunyumba anati, "Kodi muwonongadi nkhuku chifukwa cha maseŵera a ana?" Ndinaganiza nthaŵi yaitali. Ndikadausunga msotiwo, anawo akadaphunzira kuti wamkulu amafunsa mwamwambo chabe, pomwe zochita anagamula kale. Anthu ambiri amene amakhala pakhomo tsiku la chisankho amanena mawu omwewo. Msoti unaphedwa. Mtsikana amene anagonja analira nakana nsima. Sindinamkalipire. Ndinamuuza kuti nanenso ndagonja, koma mbale ndi imodzi. Pambuyo pake anabwera, nadya chiŵindi.

Musandimve molakwa. Sindikuti mwana azivotera za kupita kusukulu kapena kumwa mankhwala, iyayi. Pali zimene kholo ligamula. Koma zilipo zing'onozing'ono zambiri zimene timawalanda popanda chifukwa: malaya ovala, dzina la kamwana ka mbuzi, ndiwo za mawa. Ndipo mukamfunsa mwana, mfunseninso kuti, "Wasankhiranji chimenechi?" kuti azoloŵere kupereka chifukwa.

Za nzimbe zija zimatikhudza ifenso. Lamulo la zipani limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 limaletsa kugaŵira anthu ndalama ndi katundu pofuna mavoti. Komabe nthaŵi ya kampeni tinabwera nazo kunyumba nsalu ndi tindalama, ana akuona. Inenso nsalu ndinalandirapo, sindibisa. Mwana amene anali ndi zaka 8 mu 2025 adzakwana zaka 18 zoponyera voti mu 2035, ndipo za nsalu ya amake adzazikumbuka.

Chotsiriza, Mayi Wapampando, ndi cha m'nyumba mwathu muno. Posankha atsogoleri a Mvano timakweza manja, koma ambiri timayamba tayang'ana dzanja la mnzathu wa pambali, kuopa kudana. Ndapempha komiti kuti pa chisankho chikubwerachi tidzalembe pa timapepala, ndi kuti ana a Sande Sukulu adzakhale pafupi poŵerenga. Mpando wa mlembi nawonso udzakhala pa timapepalapo.