Za Boma la Blantyre ndi Madzi a Nyanja Yathu

Gogo Chalo Malenga Chanzi, mafumu, aphunzitsi, ndi inu nonse abale a mumpingo: pa tsiku lino la chikondwerero tifuna kunena za boma la Blantyre, la ku chigawo cha kummwera, kumene ana athu ambiri adamuka kukafuna ntchito. Kapena wina adzati, Nanga ife a kunyanja tili nalo chiyani dziko lija la mapiri? Tamverani, ndipo mudzaona.

Tiyambe ndi dzina. Ku Scotland, m'dziko la Lanarkshire, kuli mudzi wotchedwa Blantyre, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Komweko adabadwa David Livingstone m'chaka cha 1813, ndipo ali ndi zaka 10 adalowa m'nyumba ya makina opota thonje, nagwira ntchito yolumikiza ulusi woduka. Ndiye yemweyo adafika kuno ku Nkhotakota, nakomana ndi Jumbe pansi pa mkuyu m'chaka cha 1863, masiku aja zombo zinkaolotsa akapolo kunka nawo kutsidya. Iye adakhulupirira kuti malonda a thonje ndi a zina za m'munda adzathetsa malonda a anthu. Atamwalira mu 1873, a Mpingo wa ku Scotland adatsata mapazi ake, ndipo mu 1876 adamanga mishoni m'dziko la mfumu Kapeni, naitcha dzina la mudzi wa kwawo kwa Livingstone. Koma eni dziko amati Kabula.

Nanga mudziwo udakula chifukwa ninji? Choyamba ndi malo ake. Dzikolo lili pamtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, ndipo kuli kozizira koposa kuno kwathu. Chachiwiri ndi njira. Pakuti mtsinje wa Shire, umene utuluka m'nyanja yathu ino ku Mangochi, uli ndi mathithi pakati pa Matope ndi Chikwawa, pamene ngalawa sizingathe kupita. Chotero katundu yense ankatsika m'ngalawa, nasenzedwa pamutu ndi amtengatenga, ndipo njira yawo idapyola pa Blantyre. Pamene apumula aulendo, pomwepo pamera sitolo.

M'chaka cha 1878 amalonda a ku Glasgow adayamba kampani imene anthu adaitcha Mandala, chifukwa cha mandala a m'maso a John Moir. Nyumba yawo ya 1882 ikadalipo lero. Njanji idafika ku Blantyre mu 1908, ndipo m'masiku omwewo a Imperial Tobacco adamanga nyumba yokonzera fodya ku Limbe. Mu 1935 udatha mlatho wa pa Zambezi, ndipo njanji idafikanso ku Salima, pafupi ndi ife. Blantyre ndi Limbe adaphatikizana mu 1956. Titalandira ufulu mu 1964, a David Whitehead adayamba kuomba nsalu mu 1967. Ndipo taonani, thonje lidayamba kupotedwa mu mzinda wa dzina la kwawo kwa mnyamata uja wolumikiza ulusi. Kudadza ndi mafakitale a sopo, a mafuta ophikira, a simenti ndi a ufa, kufikira kuti pa kalembera wa 2018 mumzindamo mudapezeka anthu 800,000.

Tsono mverani chachikulu. Makina onsewo ayenda ndi magetsi, ndipo magetsi ambiri achokera pa mathithi omwe aja adatsekereza ngalawa: pa Nkula, pamene adayamba mu 1966, pa Tedzani, ndi pa Kapichira. Ndiponso madzi ambiri akumwa a mumzindamo awapopa mu Shire pa Walker's Ferry, nawakweza kumapiri. Nanga madzi a Shire ndi a yani? Ndi a nyanja ino. Ndiwo a Bua, a Dwangwa ndi a Kaombe, amene atsika m'mapiri a kwathu. Makolo adaona Shire ataleka kuyenda cha m'ma 1915, nakhala chotero zaka ngati 20, chifukwa nyanja idaphwa. Ifenso tidaona mu 2016 ndi mu 2017 madzi atachepa, magetsi nazima masiku ambiri, makina naima dzuwa lili pamutu; ndipo makina akaima, mwana wathu wa ku Ndirande alibe kanthu kotumiza kwa amake.

Chifukwa chake, abale, wodula mitengo m'mbali mwa Bua asayese kuti waononga pake pokha. Nthaka ikhala yopanda mthunzi, mvula ithamanga yosalowa pansi, kasupe auma m'chilimwe, ndipo njala yake ifika ku Limbe, nibwereranso pakhomo pathu. Akulu adati madzi saiwala khwawa. Nafenso tisaiwale kumene apita madzi athu. Inu aphunzitsi, pobwerera ku midzi yanu, muuze ana zinthu izi, ndipo mvula ikagwa chaka chino, mudzi uliwonse ubzale mitengo m'mbali mwa mtsinje wake.