Nthano Zojambula za ku Japan

Madzulo a masiku ano munthu woyenda m'midzi ya kwa Mfumu Mphamba, pafupi ndi Boma la Lundazi, akhoza kupeza ana asanu kapena kuposa atagundaniza mitu pa foni imodzi. Ali kupenyerera makatuni, ndiwo kanema wa zithunzi zojambula, ndipo makatuni ambiri amene ana akonda acokera ku Japan. Akuru akaona zimenezi adandaula, nati ana aleka vidokoni ndi nthano za pamoto natsata zidole za maso akuru zolankhula cilendo. Dandaulo lao liri ndi pogwira. Koma akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, cotero nkwabwino kuyamba kuyesa kalumoko asanakataye kudzala. Nkhani ya lero ifotokoza nthano zitatu za ku Japan zimene zakhalitsa, pamodzi ndi kanema wocokera m'nthanozo, kuti makolo ndi aphunzitsi adziwe cimene ayenera kusankhira ana ao.

Manga ndi ciani?

M'Cinyanja mau akuti "manga" auza munthu kuti agwire luzi kapena njerwa. Ku Japan mau omwewo atanthauza buku la nthano yosimbidwa ndi zithunzi. Tsamba liri lonse ligawidwa m'timabokosi, m'kabokosi kali konse muli cithunzi, ndipo mau a wolankhula alembedwa pafupi ndi pakamwa pace. Zithunzi zambiri ziri zakuda ndi zoyera zokha. Mlendo asokonezeka tsiku loyamba, cifukwa bukulo liyambira kumene mabuku a Cizungu athera, ndipo maso ayenda kucokera ku dzanja lamanja kunka kumanzere. Kawirikawiri nthanoyo iyamba kuturuka pang'ono pang'ono m'magazini ya pa sabata kapena ya pa mwezi, ndipo pambuyo pace zigawo zonse zisonkhanitsidwa m'mabuku.

Nthano ikakondedwa, amisiri aisandutsa kanema, amene kumeneko achedwa anime. Kanema wa masiku onse aonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo maso a munthu anyengedwa naona monga ngati cinthu ciri kuyenda. Kujambula pamanja zithunzi zocuruka cotero ndi nchito yodya nthawi ndi ndalama. Amene anazoloweretsa njira ya cidule ku Japan ndiye Tezuka Osamu. M'caka ca 1963 iye anaika pa wailesi ya kanema nthano yace ya mwana wa makina, Tetsuwan Atomu, imene Azungu aicha Astro Boy. Amisiri ace anajambula zithunzi 8 zokha pa sekondi, nthawi zina nayendetsa pakamwa pokha thupi lonse liri cete. Ndi njira imeneyo anakhoza kuturutsa cigawo catsopano sabata iri yonse.

Mkango woyera wa mu Africa

Tezuka anabadwa ku Osaka m'caka ca 1928. Anaphunzira udotolo, koma mtima wace unali pa kujambula kufikira imfa yace m'caka ca 1989. Pakati pa 1950 ndi 1954 analemba Jungle Taitei, ndiko kunena Mfumu ya m'Nkhalango, nthano imene icitikira mu Africa.

Mkango woyera, dzina lace Panja, unali kuchinjiriza nyama za m'chire kwa alenje. Alenjewo polephera kuugwira anakola mkazi wace namuyesa nyambo, ndipo Panja pofika kudzampulumutsa anaomberedwa. Mkaziyo anakwezedwa m'sitima ya pamadzi kunka ku malo oonetsera nyama, ndipo m'sitimamo anabala mwana, Leo. Kamkangoko kanadumphira m'nyanja, kanaleredwa pakati pa anthu, ndipo katakula kanabwerera ku dziko la atate ace kukalowa ufumu. Apa ndipo pali bvuto la nthanoyi: Leo waona mizinda ndi malamulo a anthu, ndipo afuna kuti nyama zileke kudyana. Anzace amuyesa mlendo, nafunsa ngati akali mkango kapena wasanduka galu wa anthu. Mwana ali yense wa ku Lundazi amene anapita ku maphunziro akutali, nabwerera kumudzi ndi nzeru zimene akuru sanazipemphe, aizindikira nkhani imeneyi mosacedwa.

Mathero a bukuli ali acisoni. Leo aperekeza anthu ofufuza kukwera Phiri la Mwezi, ndipo mphepo ya cipale iwapha onse, natsala mkuru mmodzi yekha. Pamenepo Leo adzipereka ku mpeni wa mkuruyo, kuti adye nyama yace, apfunde cikopa cace, natsike phiri ali moyo. Kanema wa m'caka ca 1965, wa zigawo 52, anali woyamba wa mtundu wace ku Japan kuonetsedwa pa wailesi ya kanema ndi mitundu yonse ya utoto, ndipo ku America anachedwa Kimba the White Lion. Koma kanema ameneyo asimba za ubwana wa Leo zokha. Wofuna kuona imfa ya pa phiri ayenera kufuna kanema wa m'caka ca 1997, Jungle Emperor Leo. Pamene kampani ya Disney inaturutsa The Lion King m'caka ca 1994, ojambula ambiri a ku Japan anadandaula kuti afanana kwambiri ndi nthano ya Tezuka, koma a Disney anakana kuti sanatengeko kanthu.

Coonadi cina ciyenera kunenedwa. Tezuka anajambula Africa asanapondemo. Anthu a ku cigwa ca Luangwa ndi ku Lukusuzi, amene amva mkango kubangula usiku, adzaseka poona mkango wokhala m'nkhalango yowirira ndi woletsa kudya nyama, ngakhale mikango yoyera iripodi ku Timbavati m'dziko la South Africa. Coipa koposa ndi cakuti anthu akuda m'bukumo anajambulidwa ndi milomo yaikuru yosekedwa, monga momwe zithunzi za Azungu za nthawi imeneyo zinali kuwajambulira. Cidandaulo cinamveka ku Japan komweko m'caka ca 1990, ndipo kuyambira m'zaka zimenezo osindikiza aonjeza mau ocenjeza owerenga za zithunzi zotere. Mphunzitsi wanzeru sadzabisa zimenezi. Adzafunsa ana ace cimene mlembi anakhoza ndi cimene analakwa.

Mwana wa ku Hiroshima

Nthano yaciwiri ikhudza dziko la Zambia m'njira ziwiri. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse asilikari a Northern Rhodesia Regiment anamenyana ndi Ajapani ku Burma, ndipo maina a Arakan ku Lusaka, Chindwin ku Kabwe ndi Kalewa ku Ndola, amene ali pa misasa ya asilikari, ali cikumbutso ca nkhondo ya kumeneko. Ndiponso mwala wochedwa uranium, umene Amerika anapangira mabomba ao oyamba a atomu, wambiri unakumbidwa ku mgodi wa Shinkolobwe, pafupi ndi Likasi ku Katanga, patsidya pa malire a Zambia.

Bomba linagwa pa mzinda wa Hiroshima m'mawa wa pa 6 August 1945, ndipo pofika kutha kwa caka anthu ngati 140,000 anali atafa. Nakazawa Keiji anali mwana wa zaka 6, ali pa njira ya ku sukulu, ndipo cipupa ca sukulu ndico cinamchinga ku moto. Atate ace, mlongo wace ndi mphwace anafera m'nyumba imene inawagwera. Amai ace anali ndi pakati, nacira tsiku lomwelo, koma khandalo linakhala miyezi yowerengeka yokha. Amaiwo anamwalira m'caka ca 1966. Mwambo wa ku Japan ndi wakuti mtembo utenthedwa, ndipo abale atola mafupa. Koma Nakazawa pofuna mafupa a amai ace anapeza pafupifupi phulusa lokha. Iye anati bomba lawalanda ndi mafupa omwe, ndipo mkwiyo umenewo unamcititsa kuyamba kujambula zimene anaona.

Hadashi no Gen, ndiko kunena Gen Wopanda Nsapato, inayamba kuturuka m'caka ca 1973, ndipo yonse iri m'mabuku 10. Siyamba ndi bomba iai. Iyamba ndi njala ya nthawi ya nkhondo, ndi atate a Gen amene anena poyera kuti nkhondoyo iri yopanda pace, kotero kuti anansi acha banja lonse oukira dziko. Mlembi sakhululukira amene anaponya bomba, komanso sakhululukira akuru a dziko lace amene anayambitsa nkhondo. Atatewo alangiza ana ao kuti afanane ndi tirigu, amene akapondedwa m'cisanu aphukanso mwamphamvu. Mlimi wa kwa Mphamba adzakumbukira nsangu za udzu ziphukira pa lupsa. Kanema anaturuka m'caka ca 1983, ndipo wina womtsata m'caka ca 1986. Kanemayo aonetsa tsiku la bomba mosabisa kanthu, koma afupikitsa zaka za pambuyo, zaka za ana amasiye, misika yamseri ndi nthenda ya bomba imene inapha anthu pang'ono pang'ono. Zimenezi ziri m'mabuku. Kuyambira m'caka ca 1976 anthu ongodzipereka anayamba kumasulira mabukuwa m'zinenero zina, ndipo onse khumi alipo m'Cingerezi. Ku Japan komweko mkangano sunathe: m'caka ca 2013 kunamveka kuti akuru a maphunziro mu mzinda wa Matsue auza masukulu kuti abise mabukuwa, koma anthu atadandaula lamulolo linacotsedwa.

Mwana wa mfumu wa m'Cigwa ca Mphepo

Nthano yacitatu ndi ya Miyazaki Hayao, wobadwa m'caka ca 1941. Dzina lace m'Cingerezi ndi Nausicaä of the Valley of the Wind. Anailemba kuyambira 1982 kufikira 1994, ndipo iri m'mabuku 7. Icitika zaka cikwi pambuyo pa nkhondo imene inatentha dziko lapansi. Nkhalango ya mpweya wakupha iri kumeza minda ndi midzi, ndipo m'kati mwace mukhala zirombo zonga nkhumbutera koma zazikuru ngati phiri. Mafumu afuna kuitentha. Nausicaä yekha, mwana wamkazi wa mfumu ya dziko laling'ono, atola mbeu za m'nkhalangomo nazibzala mseri pa dothi loyera ndi madzi a m'citsime cakuya, ndipo zimera zopanda ululu. Motero azindikira kuti ululu suli wa mitengo koma wa nthaka imene anthu anaiipitsa kale, ndi kuti mitengoyo iri kuyamwa ululuwo ndi kutsuka dziko.

Miyazaki ananena kuti cimodzi ca zinthu zimene zinampatsa ganizo limeneli ndi tsoka la ku Minamata, kumene madzi oipa ocokera ku fakitale anaononga nsomba ndi anthu odya nsombazo. Nkhani zotere siziri za kutali. Mgodi wa mtobvu wa ku Kabwe unatsekedwa m'caka ca 1994, koma pfumbi lace lakhala likulowa m'mwazi wa ana zaka zambiri pambuyo pace. Ndipo mu February 2025 damu la zotsala za mgodi linaphulika ku Chambishi, madzi aululu natsikira mu Kafue.

Kanema anaturuka m'caka ca 1984, mabuku asanathe, cotero atenga pafupifupi mabuku awiri oyamba okha, natha ndi cimwemwe. Mabuku apitirira patali, ndipo mathero ace ali obvuta, opanda yankho lapafupi. Caka cotsatira Miyazaki ndi anzace anayamba kampani ya Studio Ghibli. Ogula kanemayu acenjere ndi wina wochedwa Warriors of the Wind: ameneyo ndi kanema yemweyo atadulidwa kwambiri ku America, ndipo mwini wace anamkana.

Cimene makolo angacite

Pa zonsezi paoneka kuti buku ndi kanema siziri cinthu cimodzi. Kanema ali ngati mlendo wosimba mlandu mofulumira cifukwa basi iri pafupi kunyamuka. Buku liri ngati mkuru amene akhala pansi nayamba pa ciyambi. Wakuona kanema yekha wamva theka la mlandu.

Paonekanso kuti si cojambula ciri conse ciri ca ana. Nthano ya mkango woyera iyenera ana a ku pulaimale. Nausicaä iyenera ana okulirapo. Gen Wopanda Nsapato iyenera a ku sekondale, ndipo wamkuru akhale nao pafupi, pakuti muli zoopsa zimene zinacitikadi. Akira, nthano yochuka ya Otomo Katsuhiro imene kanema wace anaturuka m'caka ca 1988, iri yodzala ndi mwazi, ndipo ndi ya akuru okha. Kholo lolanda foni osafunsa kanthu litaya zabwino pamodzi ndi zoipa. Kholo losalabadira lileretsa mwana wace kwa alendo osawadziwa. Njira yabwino ndiyo ya pamoto ya kale: wamkuru amva nthano pamodzi ndi ana, ndipo itatha afunsa tanthauzo lace.

Cotsiriza ndi ici. Tezuka anajambula Africa wa m'maganizo ace, nalakwitsa nkhope za eni dziko. Nakazawa anajambula msewu wa kwao, njala ya kwao ndi maliro a amai ace, ndipo anthu a maiko ambiri anamva. M'caka ca 2023 Netflix inaonetsa Supa Team 4, nthano ya Malenga Mulendema wa ku Zambia, ya asungwana anai a mu Lusaka wa m'tsogolo. Nthano za Kalulu ndi Fisi, mbiri za mafumu a Atumbuka, Acewa ndi Angoni a m'dziko la Lundazi, ndi maulendo a agogo amene anapita ku migodi ndi ku Burma, zikali m'kamwa mwa okalamba, ndipo okalambawo ali kutha. Manga ifuna pensulo, kope ndi maso openya bwino. Mwana wa kwa Mphamba amene apezedwa alikujambula kumbuyo kwa kope lace asafulumire kukalipidwa. Apatsidwe kope lina, natumidwe kwa agogo ace kukapempha nthano yoyamba.