Mphunzitsi wa Chingerezi ndi Satifiketi Yake



Madzulo ano tikambirane za munthu amene amasenza katundu wolemera pa sukulu ya sekondale, ndiye mphunzitsi wa Chingerezi. Mwana angakhoze bwino masamu ndi zaulimi, koma akalephera Chingerezi pa mayeso a Fomu 4, satifiketi ya MSCE salandira. Zaka zinayi ndi thukuta la makolo zimaimira pa phunziro limodzi.

Nanga mphunzitsi ameneyu amasulidwa kuti? Kale ena ankaphunzira ku Soche Hill College, imene inaphatikizidwa ndi Chancellor College ku Zomba m'chaka cha 1973. Mu 1993 koleji ya Domasi inayamba kusula aphunzitsi a sekondale a dipuloma. Koma m'chaka cha 1998, pamene sukulu za MCDE zinasandutsidwa ma Community Day Secondary School, aphunzitsi otere sanakwanire, ndipo ambiri anatengedwa ku pulaimale ali ndi satifiketi ya T2. Anthu amenewa sitiyenera kuwanyoza, pakuti anagwira ntchito imene sanaikonzekere, ndipo ena anabwerera kukoleji kukawonjezera maphunziro.

Dipuloma kapena digiri ndi yofunika ndithu. Imatsimikiza kuti munthu adziwa malamulo a chiyankhulo, anawerenga mabuku, ndiponso anayesedwa akuphunzitsa. Komabe pepala silinena zonse. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Alipo aphunzitsi a digiri amene amadzaza bolodi ndi manotsi, ana n'kumakopera mwakachetechete kufikira belu litalira. Ana otere amaloweza tanthauzo la mneni, koma mlendo akawafunsa njira m'Chingerezi amangoyang'ana pansi.

Luso lenileni limaoneka pa zinthu zazing'ono. Mphunzitsi waluso amadziwa kuti m'Chichewa "iye" ndi mwamuna kapena mkazi yemwe, choncho sadabwa mwana akasokoneza "he" ndi "she". Amadziwanso chifukwa chake "l" ndi "r" zimamuvuta. Amafunsa funso n'kudikira yankho, osathamangira kudziyankha yekha. Buku likakhala limodzi pakati pa ana ambiri, amawagawa m'magulu kuti aliyense awerengeko mokweza. Ndipo chimangirizo amachichonga ndi kuchibweza msanga, mwana asanaiwale zimene analemba.

Inu akulu a sukulu, musangoyang'ana mapepala m'faelo. Tsiku lina lowani m'kalasi, mukhale pa benchi ya kumbuyo, muwerenge ana amene atsegula pakamwa pa mphindi 40 zimenezo.