Nkhondo za Mtanda: Kuchokera ku Yerusalemu Kufikira ku Sena

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Chipata

Ndaimirira pamaso panu ndi manyazi pang'ono, pakuti ndine mwana pakati panu, ndipo nkhani yangayi inayamba ndi kulakwa kwanga.

Tsiku lina ndinapeza m'kabati ya pa sukulu pathu buku lakale, m'mene munali chithunzi cha msilikali wokwera pa kavalo, mtanda wofiira uli pachifuwa pake. Ndinakondwera nacho, ndipo ndinasimbira ana anga za ngwazi zimene zinapita kukaombola Yerusalemu m'manja mwa Asilamu. Pa nthawi yopuma ndinaona anyamata atanyamula mapesi ngati malupanga, alikupirikitsa mnzao, mwana wa Msilamu, nafuula kuti achoke m'dziko loyera. Mwanayo sanaonekenso ku sukulu masiku atatu. Pamenepo ndinayamba kuwerenga zimene ndikadayenera kuwerenga ndisanatsegule pakamwa.

Yerusalemu ndi mudzi wopatulika kwa Ayuda chifukwa cha malo a Kachisi, kwa Akristu chifukwa cha Manda a Ambuye, ndi kwa Asilamu chifukwa cha mzikiti wa al-Aqsa. Tiyerekeze mabanja atatu amene makolo ao anagona m'msitu umodzi. Ife tonse tidziwa kuti mlandu wa manda suzizira msanga. Asilamu anatenga mudziwo cha m'ma 638, ndipo Akristu anapitabe kukapembedzako zaka mazana anai, ngakhale zinalipo nthawi zowawa, monga mu 1009 pamene mfumu al-Hakim ya ku Egypt inagwetsa tchalitchi cha pa Mandapo.

Mu 1095 mfumu Alexios ya ku Constantinople, itapanikizidwa ndi Aturuki, inapempha thandizo, ndipo Papa Urban II analalikira ku Clermont, m'dziko la France, kuti Akristu atenge zida. Anthu anasoka mitanda pa malaya ao nanyamuka. Ena mwa iwo, asanaone nkhope ya Msilamu ndi mmodzi yemwe, anapha Ayuda ku Worms ndi ku Mainz mu 1096. Pa 15 July 1099 analowa m'Yerusalemu, napha Asilamu ndi Ayuda ochuluka, akazi ndi ana omwe, ndipo atatero anapita kukayamika Mulungu pa Manda. Izi buku langa lija silinanene.

Mu 1187 Saladin analandanso mudziwo. Sanaphe anthu ake, koma anawauza kuti adziombole ndi ndalama, ndipo ambiri osauka amene analibe kanthu anagwidwa ukapolo. Mu 1191 mfumu Richard ya ku England inapha akaidi Achisilamu oposa 2,000 ku Acre. Ndipo pamene Asilamu anagwetsa mudzi womwewo mu 1291, iwonso anakhetsa mwazi wambiri. Pakatipo, mu 1204, ankhondo a mtanda anafunkha Constantinople, mudzi wa Akristu anzao umene unayamba kuwaitana.

Kapena wina afunsa mumtima kuti, "Nanga ife a kuno zimenezi zitikhudza bwanji?" Abale anga, moto umenewu unafika pa Zambezi, mtsinje womwewo umene timaoloka ku Tete tikadzera mseu wa ku Katete.

Unafika motere. Gulu la ankhondo a mtanda lotchedwa Templars linathetsedwa mu 1312, koma ku Portugal chuma chake chinapatsidwa kwa gulu latsopano, Order of Christ, ndipo mtanda wofiira wa gululi ndi umene unalembedwa pa matanga a zombo za Apwitikizi. Vasco da Gama atafika pa chisumbu cha Mozambique mu 1498 anapeza Asilamu ali pa malonda, ndipo Apwitikizi anawaona ngati adani ao akale omwe aja. Pofuna golide anakwera Zambezi, nakhazikika ku Sena ndi ku Tete, kumene Aswahili anali atafika kale.

Mu 1561 wansembe Gonçalo da Silveira anabatiza Mwene Mutapa, mfumu ya dziko la golide kum'mwera kwa mtsinjewo. Koma patapita masabata owerengeka mfumuyo inalamula kuti aphedwe. Apwitikizi anati amalonda Achisilamu ndiwo anainyenga. Tsono mfumu Sebastião, mnyamata wolota nkhondo za mtanda, inatumiza Francisco Barreto mu 1569 ndi asilikali pafupifupi 1,000, kuti akalipsire imfayo ndi kulandanso migodi. Anafika ku Sena kumapeto kwa 1571, nyengo ya mvula, ndipo akavalo anayamba kufa, anthunso kudwala.

Pano ndifuna tiime pang'ono. Inu amene munaphunzitsapo ku chigwa cha Luangwa mudziwa chimene chimapha ziweto m'dziko lotentha la m'mbali mwa mtsinje: ndi kashembe. Mudziwanso ntchito ya udzudzu m'miyezi ya dzinja. Mwana wa m'kalasi mwanu angathe kuyankha funso limene linasautsa akuluakulu aja. Koma iwo anati Asilamu a ku Sena athira mankhwala m'msipu ndi m'zitsime. Anawagwira, nawapha mwa njira zoopsa, ena powalasa pa zisonga ali amoyo, ena ndi mizinga. Ndipo amene anatilembera zimenezi ndi wansembe Francisco de Monclaro, amene anali pa ulendowo, wosaonamo cholakwa. Asilamu atatha, malungo sanaleke. Barreto mwini anafera ku Sena mu 1573, ndipo Sebastião anafa mu 1578 pomenyana ndi Asilamu ku Morocco.

Sindinena kuti onse otenga mtanda anali achifwamba. Ambiri anagulitsa minda yao nafera m'njira, alikukhulupirira ndi mtima wonse kuti akondweretsa Mulungu, ndipo chimenechi ndicho chindiopsa koposa. Analiponso wina amene anayenda njira ina: mu 1219 Francis wa ku Assisi anadutsa pakati pa magulu a nkhondo ku Damietta wopanda chida, nakacheza ndi mfumu al-Kamil, nabwerako wamoyo.

Tsiku lachinai ndinapalasa njinga kupita kwao kwa mwana uja. Bambo wake anandiyalira mphasa, namvetsera kupepesa kwanga osandidula mau, ndipo potsiriza anati: "Aphunzitsi, mwana ndi wanu. Koma mukawauzenso anzakewo mbali inayo ya nkhani." M'mawa mwake ndinajambula Zambezi pa bolodi, ndinaikapo Tete ndi Sena, ndipo ndinafunsa ana kuti chinapha akavalo a Barreto ndi chiani. Woyamba kukweza dzanja anali mmodzi wa anyamata a mapesi aja, amene kwao ndi ku Mambwe.