Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wopereka Masetifiketi kwa Achinyamata Oika Magetsi a Sola

 

Pa zonse zimene ana athuwa aphunzira, ndasankha kulankhula za chipangizo chimodzi, kabokosi kamene kamakhala pakati pa batire ndi soketi, kamene tonse timangoti inveta. Ndakasankha chifukwa anthu amakayembekezera zimene sikangathe, ndipo kakalephera, wonyozedwa amakhala amene anakaika.

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera mu mtsinje umodzi, wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga damu la Kapichira, tinataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panadutsa nthawi yoposa chaka asanabwerere. Ometa, otchaja mafoni, ogulitsa zoziziritsa kukhosi, onse anathamangira kukagula mabatire ndi mainveta. Ena anathandizika. Ena ambiri pasanathe miyezi ingapo anali atatsala ndi batire lakufa ndi kabokosi konunkha utsi. Nthawi zambiri cholakwa sichinali chipangizo, koma kuti panalibe wowawerengera masamu asanatulutse ndalama.

Makolo, mundilole ndifotokoze pang'ono zimene zimachitika m'kati mwake, kuti mudziwe kuti ana anuwa sanali kungopota mawaya kuno. Batire limapereka magetsi oyenda mbali imodzi yokha, amene timati DC, pa mavolti 12. Magetsi a ESCOM ndi ena, timati AC: ndi a mavolti 230, ndipo amapita n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Firiji, wailesi yakanema ndi makina ometera zinapangidwira magetsi opita n'kubwererawo. Ntchito ya inveta ndi kutenga oyenda mbali imodzi aja, kuwachititsa kuti azitembenuka, ndi kuwakweza kufika pa 230.

Zimene zimatembenuza ndi timasiwichi ta magetsi totchedwa MOSFET, timene timagwira ntchito m'magulu awiri. Gulu lina likatsegula, magetsi amadutsa mbali iyi. Likatseka, linzake limatsegula, magetsi n'kudutsa mbali inayo. Zili ngati amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi: munsi wina ukamatsika, wina umakwera, ndipo ikatsikira pamodzi imawombana. Magulu awiriwa akatsegula nthawi imodzi, batire limapanga shoti kudzera mwa iwo, timasiwichito n'kupsa m'kuphethira kwa diso. N'chifukwa chake kachipu kamene kamawalamulira kamasiya kampata kakang'ono kwambiri pakati pa kutseka kwa gulu lina ndi kutsegula kwa linzake. Inu okonza, mukapeza ma MOSFET atapsa musafulumire kungomatapo atsopano. Yambani mwayeza kachipuko ndi tizipangizo tozungulira pamenepo, apo ayi atsopanowo apsanso mukangoyatsa, mwini wake akuonerera.

Katembenukidwe kameneka ndi kamenenso kamasiyanitsa mitengo ya mainveta m'sitolo. Yotsika mtengo imangodumpha: mbali iyi, kuima, mbali inayo. Pa katoni amalemba kuti modified sine wave. Babu limayaka bwinobwino, koma fani imalira ng'ung'ung'u ndipo mota ya firiji imatentha kuposa mmene iyenera kutenthera. Yolembedwa pure sine wave imatsegula ndi kutseka kambirimbiri pa sekondi, nthawi zina kwakanthawi kotalikirapo, nthawi zina kofupika, kenako koyilo ndi kapasita zimasalaza, magetsi n'kutuluka okwera ndi kutsika mwamyaa ngati a ESCOM. Mukaitanidwa ku chipatala, kumene kuli firiji ya katemera kapena makina othandiza wodwala kupuma, musakambirane n'komwe za yotsika mtengo ija.

Tsopano ndifike pa chimene ndabwerera. Inveta siipanga mphamvu. Imangosintha kaonekedwe ka mphamvu imene ili kale m'batire, ndipo posinthapo imadyako ina, kawirikawiri magawo 10 kapena 15 pa 100 alionse, amene amatha ngati kutentha. Chipangizo cha mawati 1,000 chimakoka maampu ongopitirira 4 kumbali ya mavolti 230. Mawati omwewo kumbali ya mavolti 12 ndi maampu 83, ndipo tikaonjezera zotayika zija timayandikira 100. Ndaonapo m'nyumba zambiri inveta yayikulu italumikizidwa ku batire ndi waya woyenera babu. Waya wotero amafunda, pulasitiki wake amasungunuka, ndipo pamwamba pake pali denga la udzu kapena makatani. Waya wa ku batire akhale wonenepa ndi wamfupi, womangidwa zolimba, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire penipenipo. Katundu akachuluka, kwezani mavolti: pa 24 maampu aja amatsika ndi theka, pa 48 amatsikanso ndi theka lina.

Batirenso lili ndi masamu ake. Lolembedwa 100Ah pa mavolti 12 limasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 kwa ola limodzi. Koma batire la asidi mukamalitsitsa kupitirira theka tsiku ndi tsiku silikhalitsa, choncho zanu zenizeni ndi 600, ndipo inveta ikadyako mumatsala ndi 500 ndi pang'ono. Zimenezo ndi wailesi yakanema, dikoda ndi mababu ochepa kwa maola ngati asanu. Simbi yositira ya mawati 1,000 imazimaliza m'theka la ola. Firiji nayo ili ndi khalidwe lake: poyamba kuzungulira, mota yake imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa imene imagwiritsa ntchito ikakhazikika, ndiye inveta yooneka yokwanira papepala imangolira n'kuzima. Musakhulupirirenso nambala yayikulu yolembedwa pa katoni, chifukwa kawirikawiri imanena za mphamvu imene inveta ingapirire kwa kamphindi chabe. Ndipo inveta yosiyidwa choyaka usiku wonse imadya batire ngakhale palibe chimene chalumikizidwa.

Tsiku lina adzabwera bambo atanyamula batire la galimoto ndi inveta ya pamsika, n'kukuuzani kuti akufuna firiji, simbi ndi ketulo. Ndalama adzakhala nazo m'manja, inu mulibe ya sopo. Khalani nawo pansi, tengani pepala, muwerenge nawo chipangizo chilichonse ndi maola ake. Muwauze kuti batire la galimoto linapangidwira kuliza injini kwa masekondi ochepa, osati kutsitsidwa madzulo alionse. Mwina adzakwiya n'kupita kwa wina amene angowavomera. Ine ndikukupemphani kuti muwalole apite. Ndalama imene munthu wa kumudzi amagulira sola ndi ya fodya kapena soya wa chaka chonse, ndipo sindifuna kumva kuti wophunzira wa pano anathandiza kuiwotcha.

Pali chinthu china chimene chimandiopsa kuposa zonsezi. Ena magetsi akazima amatenga waya wochokera ku inveta n'kumulowetsa mu soketi ya pakhoma kuti nyumba yonse iyake, osadula nyumbayo ku mawaya a ESCOM. Thiransifoma imagwira ntchito mbali zonse ziwiri. Mavolti 230 anu aja akatuluka panja n'kulowa mu thiransifoma chobwerera, kumbali inayo amatha kukwera kufika pa 11,000, pa waya amene wantchito wakwera pa pholo akukhulupirira kuti ndi wozima. Nyumba iliyonse imene ili ndi magetsi a ESCOM ndi inveta ikhale ndi siwichi yosinthira, yosalola kuti ziwirizi zikumane. Inunso dzisamaleni: makapasita a m'kati mwa inveta amasungabe magetsi ngakhale mwazimitsa, choncho yezani musanagwire. Batire la asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka, lisakhale m'chipinda chotsekeka kapena pafupi ndi mbaula. Ndipo mukatuluka pano, pitani mukatenge chilolezo ku MERA, muzigwira ntchito poyera.

Musaganize kuti luso lanu ndi laling'ono. Ku Salima kuli munda wa sola wa mamegawati 60 umene unayamba kugwira ntchito mu 2021, ndipo ku Golomoti, m'boma la Dedza, kuli wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire akuluakulu. Mapanelo a kumeneko amatulutsa DC monga a padenga la agogo anu, ndipo amene amasandutsa magetsiwo kuti alowe m'mawaya a dziko lonse ndi mainveta, otsegula ndi kutseka monga mwaphunzirira pano. Malo amenewo amafuna anthu owasamalira, ndipo ndingakondwe kudzapezako ena mwa inu, makamaka atsikana amene ndikuwaona pamzere wakutsogolowu.

Aphunzitsi, mwagwira ntchito yotamandika. Makolo, zikomo powalipirira ndi powalimbikitsa. Wapampando, masetifiketi abwere tiwapatse eni ake.